Musanagule ndodo ya pool, tamverani kaye makaniko

 Uthengawu ndi wautali ndithu, ndiye ngati muli pa ntchito ingousungani, muwerenge madzulo mutakhala pansi.

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzi lomwelo: "Amwene, ndayamba kumene pool, ndikufuna ndodo yangayanga koma ndalama n'zochepa, nditani?" M'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe kamodzi, aliyense atolepo zake.

Ine ntchito yanga ndi yomasula mainjini a boti, pool ndimasewera ndikaweruka. Koma ntchitoyi inandiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe chimagwiranso patebulo: ndalama zikachepa, uziika pa kachipangizo kamene kakukhudza ntchito yeniyeniyo. Injini ya Yamaha Enduro olo kava yake ing'aluke, penti isuluke, bola pulagi ikuyaka bwino, impela ikukoka madzi, pulopela sinapindike, ikutengani pakati pa nyanja n'kukubwezani. Ndaonapo mainjini onyezimira, omata zithunzi mbali zonse, akubwera kumtunda boti likukokedwa ndi chingwe. Ndodo ya pool ndi chimodzimodzi. Yonseyo kutalika kwake, chimene chimakhudza mpira ndi kachikopa kakang'ono kakunsonga kaja, tipi. Zinazo ntchito yake ndi kungokafikitsa mowongoka.

Ndikudziwa pamene funsoli likuchokera. Ndalama ya kunyanja imabwera pakamodzi. Usipa ukagwa, mnyamata yemwe dzulo analibe ya sopo lero thumba latupa. Kenako mwezi ukayamba kuwala magetsi sakoka nsomba, maboti amagona kumtunda, kapena mwera wa June ndi July ukabwera basi tonse tili pa shedi ya pool kuyambira m'mawa. Ndiye uli ndi ndalama m'thumba, nthawi ili mbwee, ndodo za patebulo n'zokhota, ina ilibe ndi tipi yomwe, ukuluza gemu pambuyo pa gemu. Mtima umangoti vuto ndi ndodo. Penapake mtimawo ukunena zoona. Koma kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo ndodo, choko ndi matipi zonse n'zochokera kunja. Mukagula molakwika palibe wokubwezerani.

Choyamba dziwani tebulo limene mumasewerapo. Matebulo ambiri amene ndasewerapo kuno ndi a mtundu wa ku England, aja oponyamo tokeni kapena amene mwini wake amatsegula ndi kiyi. Mipira yake ndi ya mainchesi 2, ndipo woyera uja ndi wocheperako pang'ono. Anaupanga dala choncho kuti ukagwera m'dzenje uzidutsa njira yakeyake m'kati mwa tebulo n'kutuluka, pamene inzake ikutsekeredwa. Pool ya ku America imene mumaonera pa YouTube mipira yake ndi ikuluikulu, mainchesi 2 ndi kota, yolemeranso, ndipo ndodo zake n'zonenepa kunsonga, mamilimita 12 mpaka 13. Ndodo ya matebulo athu kunsonga imakhala mamilimita 8 mpaka 9, ya snooker 9 ndi theka mpaka 10, ndipo ya snooker-yo imagwira bwinobwino patebulo lathu. Kutalika ndi mainchesi 57, kapena kuti masentimita 145, kulemera kwake cha m'ma theka la kilo.

Izi ndikuzinena chifukwa mnzathu wina anatuma mlamu wake ku Joni kuti amugulire "ndodo yapamwamba", osatchula china chilichonse. Mlamuyo pool sasewera, anangoloza yokongola kwambiri m'shopu. Inafika pa basi ndodo ya ku America, yojambula moto kuthako kwake, nsonga ngati chala chamanthu. Pa kampira kathu koyera kaja imakhala ngati ukumanga nati ya 10 ndi sipanala ya 17. Mpaka pano ili pakhoma, imagwira ntchito yojambulitsa.

Ndiye mukamapita kogula, bwerekani sipanala ya 10, ija yotsegula kukamwa. Ikalowa pa kamphete kamkuwa kamene kali pansi pa tipi, ndodoyo ndi ya matebulo athu. Ikakana n'kumafuna ya 13, ibwezereni pomwe mwaitenga. Mukamatuma munthu ku Joni, ku Limbe kapena ku Lilongwe, mulembereni pa foni kuti "English pool kapena snooker, tipi ya 9 kapena 9.5, mainchesi 57". Kwa woyamba kumene 9 kapena 9.5 ndi yabwino, chifukwa nsonga yowonda kwambiri sikhululuka dzanja likaphonya pang'ono.

Chachiwiri ndi kuwongoka. Pulopela ikagunda mwala shafuti n'kupindika pang'ono, maso sangaone, koma boti lonse limanjenjemera ndipo posachedwa ma seal amayamba kulowetsa madzi. Ndodo yokhota nayo siioneka ili m'manja mwa wogulitsa. Igonekeni patebulo kapena pa kauntala ya galasi, muigubuduze pang'onopang'ono, maso anu ali pansonga. Ikamadumphadumpha, kukwera n'kutsika, ndi yokhota. Gubuduzani malo awiri osiyana, poti penanso chokhota ndi tebulolo. Kenako inyamuleni, muike thako lake pafupi ndi diso, muyang'ane kunsonga uku mukuizunguza, monga amachitira mmisiri wa maboti akamasankha thabwa. Pomaliza igwireni pakati muimenye kuthako ndi chikhatho. Ndodo yabwino imangoti duu. Ikamalira ngati muli kamwala m'kati, chitsulo cholemeretsa chamasuka kapena kamphete kang'aluka. Wogulitsa akakana kuti muigubuduze, wakuyankhani kale.

Yang'ananinso mtengo umene anapangira. Ndodo zabwino za pool yathu ndi snooker zambiri ndi za mtengo wa ash, umene mizere yake imaoneka ngati mivi yoloza kunsonga. Zina ndi za maple, woyererako, wosalala. Zotchipa kwambiri amazikuta ndi penti kapena vanishi wokhuthala kuyambira kuthako mpaka kunsonga, mtengo wake osaoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso vanishi ameneyo ndi kutentha kwa kuno mu October, thukuta likangoyamba ndodo imamata pa chala, osatsetsereka.

Nanga yathunthu kapena yolumikiza pakati? Yolumikiza imasangalatsa, umafika n'kumamanga anthu akukuyang'ana. Koma ine amene ndimakhalira mabawuti tsiku ndi tsiku ndikuuzeni: kupanga mazinga olowana bwino, mbali ziwiri n'kukumana mowongoka, kumadya ndalama ku fakitale. Ndodo ikakhala yotchipa komanso yolumikiza, pomwe anachepetsa ndalama ndi pa joini pomwepo. Pa ndalama zofanana, yathunthu kawirikawiri imakhala yabwinoko. Ngati mumayenda pa kabaza kapena pa minibasi ndipo mukufunadi yolumikiza, imangeni, muone ngati pasakutsala mpata, muigubuduze yomanga, muimasule mugubuduzenso chidutswa chilichonse pachokha.

Musachite manyazi ndi yogwiritsidwapo kale. Yanga ndinagula kwa bambo ena amene ankatseka malo awo a pool. Ndi ya ash, yathunthu, ili ndi chipsera cha ndudu kuthako, dzina la kampani linafufutika kalekale. Ndinaigubuduza, ndinaiyeza ndi sipanala, tinagwirizana mtengo wosafika theka la yatsopano. Chaka chino n'chachitatu, ndasintha tipi kanayi, ndodo ikadali chiwongokere. Mtengo umene wakhala zaka m'chinyezi cha kunyanja osakhota ndiye kuti unauma bwino. Nthawi yabwino yofunsa ndi pamene mwera waomba masabata awiri, anthu ayamba kugulitsa mafoni ndi ma speaker. Koma musamufinye mnzanu chifukwa choti ali pa njala, mupatseni mtengo woti mawa mukakumana pa doko mupatsana moni. Ndipo funsani kuti ndodoyo anaitenga kuti. Yotuluka pa bala usiku eni ake amaidziwa ngakhale mutaipenta.

Mukuganiza kuti ndodo yotchipa siingakufikitseni patali? Stephen Hendry wa ku Scotland anatenga chikho cha dziko lonse cha snooker kasanu ndi kawiri, pakati pa 1990 ndi 1999, ndipo zikho zonsezo anazitenga ndi ndodo imodzi imene inagulidwa pa mapaundi 40 iye akadali mnyamata. Anali ndi ndalama zogulira shopu yonse ya ndodo, koma anakakamira yomweyo mpaka inathyoka paulendo wa ndege mu 2003. Dzanja lake linkaidziwa ndodoyo. Phindu lalikulu lokhala ndi yanuyanu ndi limeneli: lero, mawa ndi mkuja mukugwira chinthu chimodzi, kulemera komweko, nsonga yomweyo, ndiye mukaphonya mumadziwa kuti chofunika kukonza ndi dzanja.

Tsopano tibwere pa tipi, pomwe pali nkhani yonse. Ndodo zambiri za patebulo zili ndi tipi yomanga ngati sikuluwu. Imeneyo ndi yosavuta kwa mwini tebulo, koma imamasuka, ndipo ndi yolimba ngati pulasitiki, choko sagwira. Yanu ikhale yachikopa, yomata ndi guluu. Za Elk Master n'zodziwika kulikonse komwe kuli snooker, n'zofewa bwino ndipo sizidula. Gulani ziwiri kapena zitatu pakamodzi, zokulirapo pang'ono kuposa kamphete kanu: kamphete ka 9, tipi ya 10.

Kumata musalipire munthu. Chotsani yakaleyo ndi lezala, mupale guluu wakale mpaka pamwamba pa kamphete pakhale fulati. Khulani kumbuyo kwa tipi yatsopano pa sandipepa kuti guluu agwire. Dontho limodzi la supa guluu, makamaka wa gel uja wosathamanga, ikani tipi pakati, mukanikize ndi chala kwa mphindi imodzi. Akauma, imikani ndodo chadodolido tipi ili pa thabwa, mudule zotsalira m'mbali ndi lezala wakuthwa mpaka zifanane ndi kamphete. Kenako ndi sandipepa, kuchokera pakati kutsikira m'mbali, ipangeni kachulu kozungulira. Osaisiya fulati, osaisongolanso ngati pensulo. Ikadzayamba kutambalala m'mbali ngati bowa, iduleninso. Ikayamba kunyezimira pamwamba, ikandeni pang'ono kuti choko azigwira. Ntchito yonseyi siposa kusintha pulagi ndi kutsuka kabuleta.

Choko khalani ndi wanu m'thumba. Wa Triangle kapena Master ndi wokwanira, kachidutswa kamodzi kamatha miyezi. Uja wa patebulo womangirira chingwe, wa dzenje lakuya ngati chitsime, wanyowa ndi mowa ndi thukuta la mudzi wonse, ndi amene amapangitsa ndodo kulira kuti kwee, woyera n'kuthawira kumbali anthu n'kuseka. Popaka musamabowole ngati mukupekesa moto, ingopakani mopepuka pamwamba ponse. Ndipo anzanga a ntchito ngati yanga, ndi inu ochokera pa thandala la usipa, sambani m'manja ndi sopo musanagwire ndodo. Girisi kapena mafuta a nsomba akafika pa tipi, choko sagwiranso.

Chikwama cha ndodo musagule. Paipi ya PVC ya mamilimita 40 kapena 50, zotsekera ziwiri, kansanza pansi ndi pamwamba, chingwe chopachikira paphewa, mwamaliza. Chimene chimapha ndodo kuno ndi dzuwa ndi chinyezi. Musaitsamiritse pakhoma usiku wonse, musaisiye pansi pa malata otentha kapena m'boti, musaigoneke pa simenti yonyowa. Igone fulati pa mthunzi kapena ipachikeni choimirira. Mukamaliza kusewera pukutani ndi kansalu kouma. Gulovu, ndodo yapadera yobulekera, tizitsulo tosongolera tipi, zonsezo zidikire. Paudala nayenso musiyeni, amadetsa nsalu ya tebulo ndipo mudana ndi mwini wake.

Bambo anga akamagula ukonde sayang'ana pepala lokutira. Amakoka mfundo ndi manja awiri, amaluma ulusi, kenako ndiye amafunsa mtengo. Atandiona koyamba ndi paipi paphewa anafunsa kuti, "Kodi chimenecho chimapha nsomba zingati?" Ndinawauza kuti sichipha. Anati, "Ndiye chisadye ndalama ya mafuta." Lamulo lawo ndi lomwelo pa chilichonse: ya mafuta a boti, ya ufa ndi ya fizi ya ana siikhudzidwa, zosangalatsa zimadya zotsala. Inenso ndikupatsirani lomwelo. Ndodo ya pool musaigule pa ngongole, musaigule pa katapila, musaigule ndi ndalama imene bwana wa boti wakupatsirani kuti mudzabweze usipa ukagwa. Ngati ya ndodo sinakwane, yambani ndi choko wanu ndi tipi imodzi. Sankhani ndodo yowongoka pa zimene zili patebulo, mupemphe mwini wake kuti muimatire tipi yabwino, muziigwiritsa ntchito imeneyo. Sindinaonepo mwini tebulo wokana kumukonzera ndodo ulere.

Werengeraninso ndalama imene siioneka, ya magemu. Tiyerekeze gemu ndi K500, kwanu mwina n'kuposa kapena kuchepera. Wopambana amakhalabe patebulo, wolowa ndiye amalipira, ndiye woyamba kumene ndi amene amadyetsa tebulo. Magemu anayi patsiku ndi K2,000, pamwezi K60,000. Mwaiona? Imeneyo imatuluka pang'onopang'ono osamva kuwawa. Ndipo pa gemu ndi dolo, inu mumamenya kawiri kapena katatu basi, kwinako mwangoima mukuonerera. Mukulipira kuti iye aphunzire.

Pali njira zophunzirira zosadya tokeni. Kunyumba gonekani botolo la Fanta lopanda kanthu patebulo lodyera, muweramire ngati mukumenya mpira, muzilowetsa nsonga ya ndodo kukamwa kwa botolo n'kuitulutsa osakhudza m'mbali. Mphindi khumi patsiku. Poyamba lizingolira ngwee ngwee, pakatha masabata awiri mumva dzanja litawongoka. Ku shedi pitani m'mawa kusanadzaze anthu, muthandize kusesa ndi kupukuta tebulo ndi burashi, kenako mupemphe woyera yekha. Paja ndanena kuti woyera satsekeredwa. Mumenyeni pakatikati alunjike ku khushoni ya kutsogolo, abwerere adzagunde nsonga ya ndodo yanu muli chiweramire. Akamabwerera kumanzere kapena kumanja, ndiye kuti simukumenya pakati. Kamasewera kameneka n'kotopetsa, koma kamaphunzitsa kuposa magemu makumi awiri oluza.

Chinthu china chimene ogulitsa ndodo sangakuuzeni: tsiku limene mudzafike ndi yanuyanu, anthu adzayamba kukuonani mwina. "Eee, shasha yafika! Tiikepo kangachepe, man." Gemu yoyamba adzakusiyirani, yachiwirinso mwina. Yachitatu ndalama yakwera, ndipo mudzaona munthu yemwe amaphonya dala uja akugwetsa mipira yonse osakupatsani mpata. Ndaona mnyamata akuluza malipiro a usiku wonse wa panyanja pa ola limodzi, kenako foni, kenako ndodo yomwe inayambitsa nkhaniyo. Anabwerera kunyumba mkazi akudikira ya ndiwo. Ndodo yatsopano siisintha dzanja tsiku limodzi. Chaka choyamba musabetche, olo akunyozeni kuti ndinu amantha. Kunyozedwa sikutsitsa mtengo wa ufa.

Ena mwandifunsa zosonkherana kuti mugule tebulo lenilenilo, lophunzirirapo komanso la bizinesi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma mwachidule: pansi pa nsalu payenera kukhala mwala wa sileti. Matebulo otchipa amaikamo bolodi ya utuchi wopanikiza, ndipo bolodiyo ikamwa chinyezi cha kunyanja imatupa, mipira n'kumayenda yokha ngati ili pa mtsetse. Gogodani pansi pake, yesani kulinyamula mbali imodzi, la sileti ndi lolemera zedi. Gubuduzani mpira pang'onopang'ono mbali zonse, menyani makhushoni onse mumve ngati akubweza, werengani mipira, muone ngati woyera akutuluka njira yake. Ndipo musanasonkhe, mugwirizane polemba kuti kiyi asunga ndani ndipo nsalu ikang'ambika alipira ndani. Maubale ambiri athera pa kiyi.

Ndiye ndalama yanu yochepayo iyende motere: choko, ndodo yowongoka yolowa sipanala ya 10, matipi awiri ndi guluu ndi sandipepa, paipi. Yotsalayo ndi ya magemu owerengeka pa sabata, ndi anthu amene amakuposani pang'ono komanso osakana kukuuzani pomwe mwaphonya.

Amene muli pafupi, mukapeza ndodo yoti mukuikayikira bwerani nayo kumene ndimakonzera mainjini, tidzaigubuduze limodzi musanalipire. Sipanala ndikubwerekani, bola ibwerere. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene mukudziwa kuti ndalama ya usipa ikumuyabwa m'thumba. Amene mukulowa m'madzi usiku uno, muyende bwino, ndipo onani impela musananyamuke.